Kuchoka m'kaundula wa ku Embangweni mpaka ku Capital Hill: ntchito ya osamala ziwerengero

Mukapita kuchipatala cha mishoni cha Embangweni, kapena chipatala china chilichonse m'dziko muno, pali chinthu chimodzi chomwe simungachilambalale: kulembedwa. Mumapereka kabuku kanu ka kuchipatala, adokotala n'kulembamo zomwe apeza. Mukatuluka, wina amatsegula chibuku chachikulu cha mizeremizere n'kuyamba kukufunsani dzina, zaka zanu, mudzi ndi mfumu yanu. Mayi woyembekezera akapita kusikelo amalembedwa. Mwana akabayidwa katemera amachongedwa papepala. Ngakhale mankhwala a LA akatuluka m'chipinda chosungiramo, amayenera kusiya mbiri yake pakhadi.

Odwala ambiri amaona ngati kulembaku n'kuchedwetsa mzere chabe. Kunena zoona, nafenso ogwira ntchito m'chipatala tikatopa timakuona choncho. Komatu mabuku amenewa ndi amene amauza boma kuchuluka kwa mankhwala oti litumize kwanuko, komwe kukufunika namwino wina, ndi komwe matenda ayamba kubuka. Pali anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kusonkhanitsa ziwerengerozi, kuzikonza, kuzisanthula ndi kuuza akuluakulu tanthauzo lake. Pachingerezi zimenezi amazitcha data, koma si data ya bandulo ija mumagula pafoni ayi.

Ngati muli Fomu 4 pa Robert Laws Secondary School, kapena muli ndi mwana amene masamu amamuyendera koma akaona magazi amanjenjemera, kapenanso ndinu namwino amene mwayamba kudzifunsa kumene malipoti anu amathera, nkhani ino ndi yanu.

Ulendo wa nambala imodzi

Mishoni ya Embangweni, yomwe imadziwikanso kuti Loudon, idakhazikitsidwa mu 1902 ndi mbusa Donald Fraser, yemwe mkazi wake Agnes adali dokotala. Lero chipatalachi chili m'manja mwa sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP ndipo ndi chimodzi mwa zipatala za bungwe la CHAM. Chimayang'aniranso zipatala zing'onozing'ono monga Mabiri ndi Kalikumbi. Ngakhale ndi cha mpingo, malipoti ake amayenda njira imodzi ndi a zipatala za boma.

Tiyeni titsatire mwana mmodzi amene watentha thupi usiku m'mudzi wina wa kutali ndi chipatala. Kukacha mayi ake amapita naye kwa mlangizi wa zaumoyo, amene ambiri timangomuti HSA, pakiliniki ya m'mudzi. Mlangiziyo amatenga kadontho ka magazi pachala, amapeza malungo, amapereka LA, n'kulemba mzere umodzi m'kaundula wake. Mwezi ukatha amawerenga mizere yonse: kudabwera ana angati, angati adali ndi malungo, angati chibayo, angati kutsegula m'mimba, angati adawatumiza kuchipatala. Fomu imeneyi amakapereka kuchipatala chomwe chimamuyang'anira, ndipo kumeneko kalaliki wa ziwerengero amaisonkhanitsa pamodzi ndi malipoti a kusikelo, a ku matenite, a ma ARV ndi a chifuwa chachikulu.

Kuchoka apo malipoti amapita ku ofesi ya zaumoyo ya Mzimba South pa Boma. Dziko lino lili ndi maboma 28, koma pa nkhani ya zaumoyo amawerengedwa 29 chifukwa Mzimba, boma lalikulu kuposa onse, lidagawidwa pawiri, kumpoto ndi kumwera. Ziwerengerozo zimalowetsedwa mu kompyuta, m'pulogalamu yotchedwa DHIS2, yomwe imakonzedwa motsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko oposa 70. Malawi adayamba kusonkhanitsa malipoti a zipatala zonse m'njira imodzi mu 2002, ndipo DHIS2 idafalikira dziko lonse mu 2012. Zikangolowa, akatswiri a nthambi ya CMED ku unduna wa zaumoyo amatha kuziona ali pampando wawo ku Capital Hill.

Pofika apa mwana uja alibenso dzina. Ndi nambala imodzi pakati pa zikwizikwi. Koma nambala yomweyo ndi imene imathandiza kuwerengetsera mankhwala, zoyezera malungo ndi maneti oti agulidwe chaka chamawa. Mabuku omwewa ndi amenenso amafufuzidwa boma lisadalipire zipatala za CHAM pansi pa mgwirizano womwe udayamba mu 2006, woti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere m'madera momwe chipatala cha boma chili kutali. Mayi akabereka koma osalembedwa, ndiye kuti chipatalacho chagwira ntchito yomwe sichidzalipidwa.

Pamene ndidati ndilemba mawa

Ndikuuzeni zomwe zidandichitikira nditangomaliza sukulu, pachipatala china chaching'ono cha kumudzi komwe ndidayambira ntchito. Idali nyengo ya dzinja, malungo ali pachimake. Mzere wa odwala unkayambira pakhomo mpaka pansi pa mtengo wa mango panja. Pofuna kuthamanga, ndinkangolemba m'timabuku ta odwala n'kusiya kaundula wamkulu, ndikudziuza kuti ndilemba madzulo. Madzulo akafika ndinkakhala nditatheratu, n'kunena kuti mawa. Mnzanga wogawa mankhwala nayenso ankachita chimodzimodzi ndi makhadi ake. Mwezi utatha tidalemba lipoti kuchokera pa zomwe zidali m'mabuku, ndipo lipotilo lidaoneka loyera bwino.

Katundu wotsatira adabwera molingana ndi lipoti lathu, osati molingana ndi odwala athu. Mwezi usadafike pakati, mankhwala a LA a ana adatha. Sindidzaiwala agogo ena amene adabwera atabereka mdzukulu wotentha thupi ngati mbaula. Tidamuyeza, malungo adapezeka, koma choti timupatse padalibe. Agogowo adachita kubwereka ndalama ya kabaza kuti akafike kuchipatala china. Mwanayo adachira, koma zikadatha kuvuta panjira.

Amene adatulukira gwero la vutoli sadali dokotala. Adali kalaliki wathu, mtsikana wa satifiketi ya MSCE ndi kosi ya kompyuta basi. Adawerenga mabokosi opanda kanthu a zoyezera malungo n'kuyerekeza ndi mizere ya m'kaundula, kenaka adandipeza ndi pepala limodzi m'manja. "Adokotala, zoyezera zomwe zagwira ntchito ndi zambiri, koma odwala m'buku ndi ochepa. Enawo apita kuti?" Ndidasowa choyankha. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo lipoti lathu lidali choncho. Kuyambira tsiku limenelo ndidadziwa kuti munthu wosamala ziwerengero nayenso amachiza, ngakhale sagwira jakisoni.

Vuto la nambala ya pansi

Kuwerenga odwala ndi gawo loyamba chabe. Luso lenileni lili pofunsa kuti, mwa anthu angati? Mukamva pawailesi kuti ana 90 pa 100 alionse alandira katemera, dziwani kuti pali manambala awiri. Nambala ya pamwamba ndi ana omwe adabayidwa, ndipo imachokera m'kaundula. Nambala ya pansi ndi ana onse amene amayenera kubayidwa, ndipo imachokera ku kalembera wa dziko. Kalembera wa mu September 2018, yemwe adachititsa ndi a National Statistical Office a ku Zomba, adapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno. Boma la Mzimba, kupatula mzinda wa Mzuzu, lidali ndi anthu 940,184. Chaka chilichonse akatswiri amawerengetsera kuchokera pamenepo kuti dera la chipatala chilichonse liyenera kukhala ndi makanda angati ndi amayi oyembekezera angati.

Tsono tiyerekeze kuti chipatala china cha kumalire chimayembekezera makanda 400 pachaka, koma chabaya 440. Papepala ndiye kuti chakwanitsa 110 peresenti. Kodi tiombe m'manja? Wosadziwa dera angatero. Koma wodziwa kumwera kwa Mzimba akumbukira kuti malire a Zambia ali pafupi, ndipo abale a cha ku Lundazi amawoloka kudzalandira thandizo kuno monganso a kuno amapita uko. Mwina mwa ana 440 aja, 80 ndi ochokera kutsidya. Ngati zili choncho, ana 40 a kuno sadabayidwe, ndipo abisala m'kati mwa nambala yooneka bwino. Chikuku chikabuka chidzayambira pa iwowo.

Vuto lina ndi la ku Joni. Aliyense wa ku Mzimba akudziwa kuti makomo ambiri ali ndi bambo, mchimwene kapena mwana amene ali ku South Africa. Munthu wolandira ma ARV kuno akakwera basi ya ku Johannesburg osatsanzika kuchipatala, pakapita miyezi ingapo kaundula amamuika m'gulu la osiya mankhwala. Mwina wasiyadi. Mwinanso akulandira komweko, kapena m'bale wake amamutumizira kudzera kwa amatransipota. Chochita chimasiyana malinga ndi yankho lake, chifukwa kutumiza mlangizi panjinga kukamusaka m'mudzi n'kungotaya mafuta ngati munthuyo ali ku Joni. Kompyuta siyingadziwe zimenezi payokha. Pamafunika munthu wodziwa masamu komanso wodziwa kwawo, woti angathe kukhala pansi ndi nduna za amfumu n'kufunsa mwaulemu m'Chitumbuka. N'chifukwa chake mwana wobadwira kwa Inkosi Mzukuzuku ali ndi chuma chomwe katswiri wochokera kunja alibe.

Pamene ziwerengero zidasintha ndondomeko

Mwina mukufunsa ngati akuluakulu amaziwerengadi zimenezi. Sikuti nthawi zonse, koma ilipo nthawi yomwe dziko lino lidatsogolera maiko ena chifukwa chomvera ziwerengero zake. Chaka cha 2011 chisadafike, mayi woyembekezera wopezeka ndi HIV ankayenera kuyezedwa kaye chitetezo cha m'thupi, chija timati CD4, kuti zidziwike ngati ayambe ma ARV a moyo wonse. Makina oyezera adali m'zipatala zochepa, ndipo amayi ambiri a kumudzi ankabereka zotsatira zisadabwere. Unduna wa zaumoyo unkadziwa kukula kwa vutoli chifukwa miyezi itatu iliyonse magulu ake amayendera zipatala zopereka ma ARV n'kuwerenga makhadi a odwala limodzilimodzi.

Mu July 2011 Malawi adakhala dziko loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV nthawi yomweyo, osadikira CD4. Njirayi imatchedwa Option B+. Amayi otere oyamba mankhwala pa miyezi itatu adakwera kuchoka pa 1,257 m'miyezi ya April mpaka June 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya July mpaka September 2012. Bungwe la WHO lidaika njirayi m'malangizo ake mu 2013, ndipo maiko ambiri adaitengera. Lero kuli achinyamata amene adabadwa opanda kachilombo chifukwa wina adawerenga makhadi mosamala.

Chitsanzo china chili kumpoto komwe kuno. Ku Chilumba m'boma la Karonga kwakhala kukuchitika kafukufuku kuyambira 1979, poyamba wa matenda a khate. Pakati pa 1986 ndi 1989 ofufuza adabaya katemera anthu oposa 120,000 n'kumawatsatira kwa zaka. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 1996 zidasonyeza kuti katemera wa BCG wachiwiri amachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sateteza ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Yankho limeneli lidamveka padziko lonse. Bungwe lomwe likupitiriza ntchitoyi, MEIRU, mpaka pano limalemba obadwa, omwalira ndi osamuka m'midzi ya kumeneko, ndipo ambiri oyenda khomo ndi khomo ndi olowetsa ziwerengero mu kompyuta ndi ana a m'dera lomwelo.

Mukukumbukiranso kolera amene adayambira ku Machinga mu March 2022 n'kufalikira dziko lonse. Odwala adaposa 58,000 ndipo oposa 1,700 adamwalira. Chida chachikulu cha ogwira ntchito nthawi imeneyo chidali mndandanda wa odwala: dzina, mudzi, tsiku lomwe adayamba kutsegula, ndi komwe amatunga madzi. Mindandanda imeneyi ndi yomwe inkasonkhanitsidwa ku Public Health Institute of Malawi tsiku ndi tsiku kuti zidziwike komwe katemera, klorini ndi matenti zipite. Nzeru yake ndi yakale. Mu 1854 dokotala John Snow adachonga pamapu nyumba za omwalira ndi kolera ku London, n'kuona kuti zazungulira pampu imodzi ya madzi pamsewu wa Broad Street. Chogwirira cha pampuyo chidachotsedwa. Ntchito imeneyi ikuchitikabe, kungoti mapu ake tsopano ali pa kompyuta.

Si kuchipatala kokha

Ntchito ya ziwerengero ili paliponse pomwe boma liyenera kugawa zinthu zochepa kwa anthu ambiri. Taganizani za Mtukula Pakhomo, yemwe adayamba mongoyeserera ku Mchinji mu 2006 ndipo adafika m'maboma onse mu 2018. Pulogalamuyi imafuna mabanja 10 pa 100 alionse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Kuti awapeze, olemba amayenda m'midzi kufunsa za denga, ziweto, chakudya ndi anthu a pakhomo, ndipo mayankho amalowa m'kaundula wa boma wotchedwa UBR. Wolemba akadumpha nyumba chifukwa ili kuseri kwa dambo, agogo olera ana amasiye atsala kunja kwa zaka. Wosanthula akapanda kuona kuti dzina lina lalowa kawiri, wina adya pawiri.

Chimodzimodzinso chimanga cha nthawi ya njala. Komiti ya MVAC imaunika zokolola, mitengo ya pamsika ndi chakudya cha m'makomo chaka chilichonse, ndipo chiwerengero chake ndi chomwe nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi imagwiritsa ntchito popempha ndi kugawa thandizo. Ku maphunziro nako, mphunzitsi wamkulu aliyense amadzaza fomu ya chaka ya EMIS yonena za ophunzira, aphunzitsi, zipinda ndi zimbudzi. Ku Embangweni kuli sukulu ya ana osamva. Mwana wa vuto la kumva amene ali m'mudzi osalembedwa paliponse sangawerengedwe pokonza bajeti ya aphunzitsi apadera, chifukwa kwa wokonza bajeti, yemwe sadalembedwe amakhala ngati kulibe.

Ziwerengero zimatiuzanso ngati tikupita chitsogolo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'makomo wa 1992 adapeza kuti ana 234 pa 1,000 alionse obadwa ankamwalira asadakwanitse zaka zisanu. Wa 2015 mpaka 2016 adapeza 63. Popanda anthu oyenda m'midzi ndi mafunso, sitikadadziwa kuti katemera, maneti ndi makiliniki a m'midzi zikugwira ntchito, ndiponso sitikadadziwa kuti imfa za makanda a masiku ochepa zikutsika mochedwa kuposa zinazo, zomwe zikutiuza koyenera kuika mphamvu tsopano.

Makwerero ake ndi otani?

Khwerero loyamba ndi la kalaliki wa ziwerengero, amene m'zipatala timati data clerk kapena statistical clerk. Pamafunika MSCE yabwino, makamaka masamu ndi Chingerezi, komanso kudziwa kompyuta, ndipo olemba ntchito ambiri amafunanso satifiketi kapena dipuloma. Pambali pake pali olemba kafukufuku oyenda m'midzi. Kalembera wa 2018 adachitika pogwiritsa ntchito matabuleti m'malo mwa mapepala, ndipo kafukufuku wambiri masiku ano akuyenda choncho. Ntchito zimenezi ndi za nyengo, koma ambiri adayambira pomwepo.

Khwerero lachiwiri lili pa Boma: mkulu woyang'anira ziwerengero za zaumoyo, amene timati HMIS officer, ndi wolondoloza zitukuko kukhonsolo ya M'mbelwa kapena m'mabungwe, amene amadziwika kuti M&E officer. Awa ntchito yawo ndi kuona ngati malipoti abwera onse, pa nthawi yake, komanso ngati akugwirizana, kenaka n'kuwasandutsa zithunzi ndi mfundo zoti makhansala, mafumu ndi akuluakulu a zaumoyo amve. Apa pamafunika dipuloma kapena digiri.

Pamwamba pake pali akatswiri a kafalidwe ka matenda, akatswiri a masamu a zaumoyo, owerengetsera chuma cha zaumoyo, ojambula mapu pa kompyuta ndi okonza mapulogalamu. University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa statistics, za chiwerengero cha anthu ndi za kompyuta. Mzuzu University, MUBAS, MUST, LUANAR ndi University of Livingstonia zili ndi maphunziro okhudza masamu, kompyuta, chuma kapena umoyo wa anthu. Kamuzu University of Health Sciences imapereka madigiri apamwamba a umoyo wa anthu. Mu January 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa African Drone and Data Academy mothandizidwa ndi UNICEF, komwe achinyamata amaphunzira kuulutsa tindege topanda woyendetsa ndi kusanthula zithunzi zomwe tajambula.

Anzanga a yunifomu, musaganize kuti njirayi idakudutsani. Kuyambira 2016 unduna wa zaumoyo wakhala ukuphunzitsa ogwira ntchito m'maboma kosi ya miyezi itatu ya FETP, yofufuza miliri munthu ali pantchito pomwepo. Namwino kapena clinical officer amene waphunzira kusanthula ziwerengero ndi wofunika kwambiri, chifukwa akaona lipoti loti chipatala chidachiritsa amayi ambiri kuposa omwe adayamba sikelo, amadziwa msanga funso loti afunse.

Zida zambiri zophunzirira n'zaulere. Yambani ndi Excel mpaka muzitha kusefa mizere, kupeza mayina obwereza ndi kujambula girafu. Kenaka yesani KoboToolbox yokonzera mafunso a pafoni, QGIS yojambulira mapu, ndi R kapena Python zosanthulira. DHIS2 nayo ili ndi maphunziro oyambira aulere pa intaneti. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha: ola limodzi patsiku pa kompyuta yobwereka likhoza kukufikitsani patali pakutha kwa chaka.

Minga yake

Sindikufuna kukunamizani kuti ndi njira yosalala. Ntchito zambiri za ziwerengero m'zipatala zakhala zikulipiridwa ndi mapulojekiti a maiko akunja. Mu 2025, dziko la America litaimitsa ndi kudula thandizo lake lambiri, ena mwa amene adakhudzidwa msanga adali makalaliki ndi osamala makompyuta a m'zipatala. Choncho musaphunzire pulogalamu imodzi yokha ya pulojekiti imodzi. Phunzirani luso lomwe mungapite nalo ku ulimi, kusukulu, kubanki kapena kukhonsolo. Konzekeraninso magetsi ozimazima, netiweki yosowa, ndi mafomu ochuluka ofunsa chinthu chimodzi m'njira zitatu.

Yesero lalikulu ndi la kupeka. Tsiku lomaliza lopereka lipoti likafika, malo ena ali opanda kanthu, mtima umati ingolembani za m'mutu, ndani adziwe? Tsiku lina wina wokuposani paudindo adzakupemphani kuti nambala ikwere pang'ono kuti dera lioneke lochita bwino. Malo opanda kanthu ndi abwino kuposa nambala yabodza, chifukwa opanda kanthu amachititsa munthu kufunsa, pomwe yabodza imagonetsa aliyense tulo. Lipoti loti mudzi wonse uli ndi zimbudzi pomwe theka likupita kutchire ndi lomwe limachititsa kuti klorini apite kwina kolera akabwera.

Yesero lachiwiri ndi la pakamwa. Kudera ngati Embangweni anthu amadziwana. Amakumana kutchalitchi, kumsika ndi kumaliro. Kalaliki amene akulowetsa makhadi a ma ARV adzaona dzina la aphunzitsi ake akale, la apongozi ake, la mtsikana amene akumufunsira. Akangotsegula pakamwa kamodzi, anthu amasiya kubwera, ena amayamba kukalandira mankhwala kutali ndi mayina abodza, ndipo ziwerengero zonse zimasokonekera. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'mabuku ndi m'makompyuta, lotchedwa Data Protection Act. Koma lamulo lisadafike, khalidwe lanu ndi lomwe limayamba kuteteza wodwala.

Poyambira pake

Ngati muli pasukulu, musathawe masamu, ndipo limbikirani Chingerezi chifukwa nambala yopanda woifotokoza siyisintha kanthu. Tsiku lina pemphani chilolezo kwa woyang'anira chipatala cha kwanuko kuti muone magirafu omwe amamatidwa pakhoma. Funsani kuti malungo amakwera mwezi uti, ndipo n'chifukwa chiyani mzere wa katemera udatsika mwezi wakutiwakuti. Dziperekeni kuthandiza komiti ya zaumoyo ya m'mudzi powerenga nyumba, zimbudzi ndi zitsime. Mukatha kuwerenga mudzi wanu molondola n'kufotokozera amfumu zomwe mwapeza m'mphindi zisanu, mwayamba kale ntchitoyi.

Ngati ndinu mfumu, khansala kapena membala wa komiti ya chitukuko, funsani ziwerengero musadavomereze komwe mjigo kapena kiliniki ipite. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndiye kufunsa si mwano.

Ndipo inu nonse amene mudzakhale pabenchi ya chipatala sabata ino, tengani kabuku kanu, osati ka mnzanu. Nenani zaka zenizeni ndi mudzi weniweni, ngakhale uli kutsidya kwa malire. Ngati mukupita ku Joni muli pa mankhwala, tsanzikani kuti akulembereni kalata yosamukira. Wolemba uja akakufunsaninso kachiwiri dzina la mfumu yanu, musamukwiyire. Akuonetsetsa kuti mwezi wamawa, mdzukulu wanu akatentha thupi, adzapeze mankhwala pashelefu.